Kusala kwa mtima: zimene a Tao a ku China amaphunzitsa

Zikomo a Gulupu, zikomo mafumu, azimayi, azibambo ndi achinyamata nonse. Inu akumbuyoko, mawu akapanda kufika mukweze mkono.

Lero tipita kutali, ku China. Kumeneko kuli chiphunzitso chakale chotchedwa Tao. Ndineneretu kuti sindinabwere kudzatulutsa munthu m'tchalitchi kapena mumzikiti mwake. Ndabwera ndi funso limene anthu amenewa ankalisinkhasinkha zaka zoposa 2,000 zapitazo: munthu amene mtima uli m'mwamba, maganizo ali balala, tulo osabwera, atani kuti mtima ukhale pansi?

Buku lawo lalikulu, Daodejing, ndi lalifupi: mitu 81, zilembo za Chitchaina pafupifupi 5,000. Amati analemba ndi Laozi, mkulu wosunga mabuku kunyumba yachifumu ya Zhou, ngakhale akatswiri a mbiri amatsutsana ngati munthuyu analikodi. Koma mawuwo ndi akale ndithu. Mu 1993, m'manda ena ku Guodian, m'chigawo cha Hubei, anafukula zigawo za bukuli zolembedwa pa nsungwi zowaza, za cha m'ma 300 Yesu asanabadwe.

Mutu wa 15 umafunsa za madzi amatope, kuti ndani angawayeretse. Azimayi yankho muli nalo kale. Mukatunga madzi ovunduka nthawi ya dzinja, simuwatakasa kuti ayere. Mumatula ndowa, n'kupita kukachita zina, matope amadikha okha. A Tao amati mtima nawo suumirizidwa. Ukamadziuza usiku kuti "leka kuganiza, leka kuganiza", ndiye kuti ukuvundula.

Mphunzitsi wina wa Tao amene ndimamukonda kwambiri ndi Zhuangzi, wa zaka za m'ma 300 Yesu asanabadwe. Ameneyu anali wanthabwala, moti ankatenga Confucius, mphunzitsi wa chiphunzitso china, n'kumuika mawu a Tao m'kamwa. M'nkhani ina, wophunzira wa Confucius, dzina lake Yan Hui, anapita kukatsazika. Ankafuna kupita kudziko la Wei kumene mfumu yachinyamata, yankhanza, inkapulula anthu ake, kuti akaiwongole. Confucius anamuuza kuti akukangodziphetsa. Mnyamata uja anayala nzeru iyi, Confucius anaikana. Anayala ina, anaikananso. Pomaliza anamuuza kuti asale kaye. Yan Hui anati kwawo ndi osauka, papita miyezi asanalawe mowa kapena zankhuli, kodi kumeneko si kusala? Mphunzitsi anati kumeneko ndi kusala kokonzekera nsembe. Kumene iye akunena ndi kusala kwa mtima: kuukhuthula, kuti munthu amvetsere koposa mmene makutu amamvera, koposanso zimene mtima wagamula kale.

Taonani bwino pamenepa. Mnyamatayu sanauzidwe kuti athawire kuphiri. Ulendo wake unali wokakumana ndi munthu woopsa. Bata limeneli ndi la munthu amene akupita pa mlandu, amene akukakambirana za malire a munda, amene akukakumana ndi apongozi zinthu zitavuta. Mafumu ndinu mboni: munthu akabwera pabwalo yankho lili kale m'kamwa, mnzake alankhule mpaka dzuwa kulowa, iye samva kanthu. Amangodikira kuti mnzakeyo apume, iye alowepo.

Zhuangzi yemweyo ali ndi nkhani ina ya bwato. Munthu akuwoloka mtsinje, bwato lina n'kudzagunda lake. Akaona kuti mulibe munthu, ngakhale akhale wamtima wapachala, sakwiya. Koma mukakhala munthu, amakuwa kamodzi, kawiri, kachitatu ndi zotukwana. Kugundako ndi kumodzimodzi. Chasintha n'chakuti tsopano wapeza wonena kuti "wandichita dala, wandiderera". Mkwiyo wathu wambiri umabadwira pamenepo, tisanafunse n'komwe.

Nanga a Tao ankachita bwanji kuti mtima ukhale pansi? Anali ndi mwambo wongokhala pansi n'kuiwala. Patapita zaka zambiri, m'nthawi ya mafumu a Tang, mphunzitsi wina, Sima Chengzhen, amene anamwalira mu 735, analemba za mwambowu mwatsatanetsatane. Chiyambi chake n'chosavuta kufotokoza. Mumakhala, msana woongoka koma osauumitsa, n'kumapuma pang'onopang'ono mpweya uzitsikira kumimba, kunsi kwa mchombo. Zhuangzi ankati anthu wamba amapumira pakhosi, pomwe munthu wokhwima amapumira ku zidendene. Tadziyesani mukadzakwiya, mudzaona pamene mpweya ukuthera. Maganizo abwera ndithu, a ngongole, a fizi, a mwana wodwala. Musawathamangitse, musawatsatirenso. Bwererani ku mpweya. Tsiku loyamba mudzaona ngati maganizo achuluka kuposa kale. Sanachuluke ayi, mwangoyamba kuwaona.

Ndaona a bambo uko akupukusa mutu. Mukunena zoona bambo, kukhala chete sikugula feteleza. Koma mutu wozizira ndi umene umasankha bwino choti ugulitse ndi choti usunge. Komanso m'bale wanu akatha masabata osagona, osadya, akulankhula zodzipha, ameneyo musamuuze kuti akhale pansi azipuma. Musamusiye yekha, mupite naye kuchipatala.

Sizonse za m'mabukuwa zimene ndimavomereza. Mutu wa 3 wa Daodejing umalangiza wolamulira kuti adzaze mimba za anthu ake, akhuthule mitima yawo, azikhala osadziwa zambiri ndi osalakalaka kanthu. Ena amautanthauzira mofatsa, koma ine ndimaukayikira. Kukhuthula mtima wako mwa kufuna kwako n'kwina, kuti wolamulira akukhuthulire kuti usamafunse mafunso n'kwinanso.

Tsono a Gulupu, ngati mungalole, tiyese limodzi kwa mphindi zisanu, kenaka mafunso. Amene muli ndi ana kumbuyo musavutike, akalira alire.