Makalata Anu: Kalulu Wasiya Kudya, Alangizi Ali Kutali

Takulandiraninso omvera nonse ku gawo lathu la makalata. Sabata ino thumba ladzaza, ena alemba papepala, ambiri atumiza pa WhatsApp, ndipo chandidabwitsa n'chakuti makalata angapo akukamba za nyama imodzi, kalulu. Khalani pansi bwinobwino, amene muli pamoto musapsereze ndiwo chifukwa cha ine.

Ndiyambe ndi bambo ena a ku Nsanje. Akuti akalulu awo masana amangogona chotambalala, akupumira m'mwamba. Bambo, kumeneko n'kutentha kwa Okutobala. Kalulu satuluka thukuta ngati ife, amatulutsira kutentha m'makutu, ndipo kukapitirira madigiri 30 amavutika kwambiri. Chotsani khola padzuwa, pamwamba pa malata foleranipo udzu, ndipo madzi asasowe.

Tsopano kalata imene yandisowetsa tulo. Ndiiwerenga yonse.

"Amalume, ndine mtsikana wa zaka 13, ndili sitandade 7, ndimakhala ndi agogo kuno ku Ntchisi. Ndili ndi kalulu mmodzi woyera wa makutu akuda. Anandigulira ndi amayi anga asanapite ku Joni kukagwira ntchito. Si wandiwo ayi, ndi mnzanga, ndikaweruka kusukulu amandithamangira. Kuyambira dzulo sakudya. Madeya wakana, kholowa wangonunkhiza. Wangokhala pakona chodzipinda, akukukuta mano, ndipo m'khola mulibe ndowe zatsopano. Alangizi a ziweto amakhala kutali ndipo agogo alibe ndalama ya kabaza. Atsibweni akuti tingomupha tidye asanafe yekha. Aneba atipatsa kapisozi wa amoxicillin kuti tisungunule m'madzi timumwetse. Ndichite chiyani? Ndikuopa kudzawauza amayi kuti wafa."

Mwana wanga, uthenga wako unafika dzulo madzulo, ndipo sindinadikire pulogalamu, ndinawaimbira agogo ako nthawi yomweyo. Zimene tinakambirana usikuwo ndizibwereza pano chifukwa ndikudziwa kuti alipo ambiri amene akumva ndipo khola lawo lili chimodzimodzi. Unachita bwino kufunsa usanatsegule kapisozi uja. Safunsa anadya phula.

Kapisozi ameneyo abwerere kwa mwini wake. Amoxicillin, ampicillin, penicillin ndi mankhwala ena a mtundu umenewo akamwetsedwa pakamwa atha kupha kalulu. Chifukwa chake n'ichi: m'mimba mwa kalulu muli thumba lalikulu pamene matumbo aang'ono amakumana ndi aakulu, ndipo m'thumbamo mumakhala mabakiteriya abwino amene amagaya udzu. Kapisozi uja amapha abwinowo, oipa n'kuchulukana, n'kutulutsa poizoni. Kalulu amatsekula m'mimba koopsa ndipo pakapita masiku ochepa amafa. Aneba anu anachita mwachifundo, sindikuwanyoza, koma mankhwala otsala a munthu sapatsidwa kwa nyama mwachisawawa. Ndipo aneba, ngati mukumva, kapisoziyo anatsala bwanji? Adokotala anati mumalize onse.

Chimene chikuoneka kuti chachitikira kalulu wako ndi choti matumbo ake aima kapena akuyenda pang'onopang'ono kwambiri. Mimba ya kalulu ili ngati chigayo chosayenera kuzima. Amadya pang'onopang'ono usana ndi usiku, ndipo wathanzi amatulutsa timibulu ta ndowe 200 mpaka 300 pa tsiku. Chimene chimakankha zonsezo ndi udzu. Udzu ukachepa, madzi akachepa, kapena akamva ululu penapake, kaya wachita mantha ndi agalu, matumbo amayamba ulesi. Chakudya chimauma m'mimba pamodzi ndi ubweya umene amameza podzinyambita, mpweya umadzaza, ululu umakula, ndiye amasiyiratu kudya, ndipo kusadyako kumaimitsanso matumbo kwambiri. Pamwamba pa izo kalulu satha kusanza. Galu akadya choipa amabweza, kalulu chalowa chalowa, njira yotulukira ndi imodzi basi. N'chifukwa chake kalulu akatha maola 12 osadya komanso osatulutsa ndowe, imeneyo ndi ngozi ya lero lomwe, si yodikira mawa.

M'nthano timamudziwa kalulu kuti anapusitsa njovu ndi fisi. Ngakhale m'khola amatipusitsa, chifukwa ndi nyama yosakidwa, yozolowera kubisa matenda kuti adani asaone kufooka kwake. Pamene mwini wake akuona kuti wadwala, ndiye kuti zayamba kale. Wosanama ndi ndowe. Zikayamba kuchepa, kukhala zing'onozing'ono, zouma, kapena zolumikizana ndi ubweya ngati mikanda, dziwani kuti chigayo chayamba kutsokomola.

Ndinawapempha agogo kuti choyamba agwire mimba yake ndi zala mofatsa. Apa mvetsetsani, chifukwa pali njira ziwiri. Ngati mimba yatupa mwadzidzidzi, yalimba ngati ng'oma, kalulu wafooka ndipo makutu azizira, n'kutheka kuti china chatseka njira. Pamenepo musamukakamize chakudya kapena madzi, ndipo musasisite mimbayo, mungoonjezera vuto. Ameneyo akufunika dokotala wa ziweto mwamsanga, ndipo ndinene zoona, kunyumba palibe chimene chingatsegule njirayo. Koma ngati mimba ili yofewa ngati mtanda wa mandasi, pali zimene manja anu angachite. Ya kalulu wa mwanayu inali yofewa, ndipo mtima wanga unatsikako pansi.

Muyambe ndi kumufunditsa. Thupi la kalulu wathanzi limatentha pafupifupi madigiri 39, kuposa lathu, ndipo akadwala m'mimba limazizira msanga, makamaka usiku wa kumapiri ngati ku Ntchisi. Thirani madzi ofunda m'botolo, likulungeni ndi chitenje, liikeni pambali pake, koma mumusiyire malo oti asunthe akatenthedwa. Kenako madzi akumwa. Pezani sirinji yatsopano yopanda singano, ya kusitolo ya mankhwala. Tengani madzi owiritsa amene azirala, akhale ofunda pang'ono. Mukulungeni kalulu m'nsalu, akhale choimirira pa miyendo yake, osamugoneka chagada ayi, angatsamwe madzi n'kulowa m'mapapo. Lowetsani sirinji chammbali, kuseri kwa mano akutsogolo kumene kuli mpata, mufinye mililita imodzi, mudikire ameze, mufinyenso. Mamililita 10 pa nthawi imodzi akwanira, mubwerezenso pakapita maola awiri kapena atatu. Akasiya kumeza, inunso siyani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chakudya chimabwera akafunda ndiponso akamwa. Amene muli ndi chakudya cha akalulu chogula chija cha timibulu, chiviikeni m'madzi ofunda chikhale phala la madzimadzi. Kumudzi kumene kulibe, sinjani udzu wanthete ndi chisoso mumtondo woyera, thirani madzi pang'ono, mumupatse ndi sirinji yomwe ija mutakulitsa kukamwa kwake. Phala la ufa, mkaka, shuga, tiyi, mafuta ophikira, zonsezo ayi. Patsogolo pake pasasowe udzu ndi masamba onyowetsedwa amene amawakonda, chisoso, mwamunaaligone, kholowa pang'ono. Nthawi zina ukamugwedezera tsamba pamphuno amaluma chifukwa chokwiya, kenako n'kupitiriza kutafuna. Ukatero wapambana. Msisiteni mimba pang'onopang'ono ngati mukusisita khanda, akakana mulekeni. Mutulutseni m'khola ayendeyende pabwalo kapena m'nyumba, chifukwa miyendo ikamayenda matumbo nawo amadzuka.

Kukukuta mano kuja ndi ululu, ndipo kalulu womva ululu sadya. Mankhwala ochepetsa ululu oyenera kalulu, monga meloxicam, muyezo wake amadziwa ndi a zaziweto, ndipo sapatsidwa kwa nyama youma m'thupi. Musaphwanye panado kapena brufen kuti muyesere. Apa ndiye ndikuti ngakhale alangizi ali kutali, foni ili pafupi. Nambala ya alangizi a ziweto imapezeka ku ofesi ya zaulimi ya EPA ya dera lanu, ndipo alimi otsogolera m'midzi kawirikawiri amakhala nayo. Ku Lilongwe kuli bungwe losamalira nyama la LSPCA limene lili ndi chipatala cha ziweto. Mayunitsi a mphindi zisanu ndi otsika mtengo kuposa kabaza. Afotokozereni nthawi imene anasiya kudya, mmene mimba ilili, ndi chimene anadya komaliza. Afunseninso za mano, chifukwa mano a kalulu amakula moyo wake wonse, mamilimita awiri kapena atatu pa sabata, ndipo akasowa udzu wowaperesa amatalika n'kumabaya lilime. Kalulu wotuluka dovu, chibwano chonyowa, vuto lake nthawi zambiri limayambira m'kamwa.

Kwa atsibweni, ndilankhule nanu mwaulemu ngati akuluakulu anzanga. Ndikudziwa kuti kwathu kuno kalulu ndi ndiwo, ndipo palibe cholakwika kuweta akalulu a ndiwo. Koma uyu ayi. Mwanayu mayi ake ali kutali, ndipo chimene anamusiyira m'manja ndi kanyama aka. Akamakapatsa udzu m'mawa amakhala ngati walankhula ndi mayi ake. Mwana wa mlongo wanu akulira, inu mukunola mpeni? Mukanatenga njinga n'kukafuna nambala ya alangizi, mwanayu akanakukumbukirani mpaka kukula. Komanso nyama yodwala, yosadziwika chimene yadwala, si yoika pa mbale ya ana.

Ndipo iwe mwana wanga, usaope amayi ako. Ukachita zonsezi kalulu n'kufabe, usadziimbe mlandu. Matendawa amapha akalulu ngakhale m'manja mwa madokotala. Uwauze amayi zoona zokhazokha, kuti unamufunditsa, unamumwetsa, unachezera naye usiku.

Nditawafunsa agogo chimene kaluluyu wakhala akudya, yankho linali limene ndalimva m'makalata atatu sabata ino: madeya ndi mkute, chifukwa udzu wauma. Omvera, apa ndiloleni ndikalipeko pang'ono. Madeya si chakudya chenicheni cha kalulu, ndi ndiwo chabe, kadzanja kamodzi basi. Nsima yake ndi udzu, ndipo pa magawo khumi a zimene amadya, asanu ndi atatu azikhala udzu. Wouma ndi wabwino kwambiri, bola ukhale woyera, wopanda chuku. Mvula ikamatha timweteko udzu, tiuumitse pamthunzi, timange mitolo, tisunge pamodzi ndi masangwe a mtedza. Timaotcha tchire mu Ogasiti posaka mbewa, kenaka mu Okutobala tikudandaula kuti ziweto zilibe chakudya. Madeya achuku nawo ndi poizoni, amaononga chiwindi. Ndipo bodza lija loti kalulu samwa madzi, akuti amakhuta a m'masamba, linachokera kuti? Kalulu wa makilogalamu awiri amamwa pafupifupi kapu imodzi pa tsiku, woyamwitsa kuposa pamenepo. Ena amene timati afa mwadzidzidzi m'chilimwe amakhala atafa ndi ludzu, mbale yopanda kanthu ili pambali. Ikani madzi m'mbale yolemera yosagubuduka, muzitsuka tsiku ndi tsiku.

Tithamange ndi otsalawa. Mnyamata wa ku Mponela akuti anaona kalulu wake akudya ndowe zake m'mamawa, kodi walodzedwa? Ayi achimwene, afiti asiyeni apume. Kalulu amatulutsa ndowe za mitundu iwiri, zouma zija ndi zina zofewa zonga kaphava ka zipatso, ndipo zofewazo amadya kuti apeze mavitamini ndi zomanga thupi. Mukamaziona zambiri zitatsala m'khola, ndiye kuti mwamuchulukitsira madeya.

Mayi a ku Dedza, ana a akalulu anu amene angosiya kuyamwa akutsekula m'mimba ndipo awiri afa. Kawirikawiri amenewo ndi matenda a coccidiosis, amene amafala kudzera m'ndowe m'khola lonyowa. Patulani odwala, sesani ndi kuumitsa khola, chakudya musaike pansi, ndipo mankhwala ake alipo kwa alangizi, pitani lero. Musawasambitse m'beseni, ingopukutani kumbuyo ndi kansalu konyowa n'kuumitsa, chifukwa ntchentche zikaikira mazira pamenepo mphutsi zimatuluka tsiku limodzi lisanathe.

Bambo a ku Thyolo, masamba a mapeyala ayi, ndi poizoni kwa kalulu. Chimodzimodzi a tomato, a mbatatesi, a fodya ndi nsatsi. Chakudya chatsopano chilichonse muziyamba pang'onopang'ono kwa sabata yathunthu.

Ndipo amene mwatumiza chithunzi mutamunyamula kalulu ndi makutu, ndi wokongola zedi, koma makutuwo si chogwirira cha ndowa. Dzanja limodzi pachifuwa, lina kumatako, mumuyandikize pathupi panu.

Ndisanayambe pulogalamuyi agogo a ku Ntchisi anaimbanso. Akuti mtsikana uja sanagone, ndipo m'bandakucha anapeza timibulu tochepa pakona ya khola, ting'onoting'ono, takuda, touma. Kalulu watafunako masamba awiri a chisoso. Sanachire ayi, matumbo amatenga masiku angapo kuti abwerere mwakale, ndiye mwana wanga pitiriza madzi, udzu ndi botolo lofunda, madeya uyambe waimika. Atsibweni nawo akuti apalasa njinga kupita ku EPA m'mawa uno. Undilemberenso Lachisanu, uwerenge ndowe za tsiku lililonse undiuze.