Jeli wa timaapozi towawasa ta kuseri kwa nyumba

[Kamera ili pa mtengo wa kuseri kwa nyumba. Pa kapinga pali timaapozi tofiira mbwee.]

Moni nonse. Inu amene mukukhala kuno ku Britain, mtengo uwu mwina mumaudutsa tsiku ndi tsiku. Eni dziko amautcha crab apple. Mu Epulo ndi Meyi umachita maluwa oyera kapena apinki, ndipo ikafika Seputembala mpaka Okutobala tizipatso timayoyoka, anthu n'kumangosesa kukataya. Zimandiwawa ndikaona zimenezi, chifukwa jeli wa tizipatso timeneti, ndiye kuti jamu wopangidwa ndi madzi a zipatso osefa, ndi wokoma kuposa wambiri amene timagula m'sitolo.

Mukatola kamodzi n'kuluma, nkhope ichita tsinya. N'kowawasa ngati bwemba, komanso kali ndi khambi. Musakanyoze chifukwa cha zimenezo. Kuwawasa komweko ndi kumene kudzatigwirire ntchito mu poto.

[Dzanja likudula kachipatso chopingasa.]

Poyamba tsimikizani kuti ndi apozi ndithu. Dulani chopingasa chonchi. Pakati pazioneka kanyenyezi ka zipinda 5 zokhala ndi njere. Mukapeza nthangala imodzi yolimba, umenewo ndi mtengo wina, musaphike. Wangawu ndi wa mtundu wa John Downie, wotchuka kwambiri pa jeli. Golden Hornet, wachikasu uja, amatulutsa jeli wooneka ngati uchi.

Nanga n'chifukwa chiyani madzi a zipatso amasanduka chinthu chogwirana? M'khungu, pakati pa chipatso ndi mozungulira njere muli chinthu chotchedwa pectin. Dzinali analipereka mu 1825 ndi wasayansi wa ku France, Henri Braconnot. Pectin ali ngati timaulusi tosaoneka ndi maso, ndipo tikakhala m'madzi timakankhana. Asidi wa m'chipatso amathetsa kukankhanako, shuga amakoka madzi, ndiye timaulusi tija timalukana ngati ukonde n'kutsekera madziwo m'kati. Sitiroberi ali ndi pectin wochepa, n'chifukwa chake ophika jamu wake amawonjezera wogula kapena mandimu. Crab apple ali nazo zonse ziwiri, pectin ndi asidi. Inu mungobweretsa shuga.

Apa mpamene ambiri amalakwitsa. Amadikira kuti zipatso zipse mpaka kufewa, poganiza kuti zitsekemera. Chipatso chikapsa kwambiri pectin amayamba kutha mphamvu. Thyolani zikadali zolimba, ndipo musakanizemo zingapo zosapsetsa.

[Kukhitchini. Beseni la zipatso ndi poto wamkulu.]

Ndili ndi makilogalamu 2. Tsukani, chotsani zovunda, dulani pakati. Musasende, musachotse njere. Gwiritsani poto wachitsulo chosachita dzimbiri, chifukwa asidi amadya aluminiyamu ndipo jeli amamveka chitsulo. Thirani madzi ongofika pamwamba pa zipatso, osapitirira. Zibwate pa moto wochepa kwa mphindi 30 mpaka 40, mpaka zitafewa ngati phala.

[Mpando wozondotsa, nsalu yoyera yomangidwa ku miyendo inayi, mbale yaikulu pansi.]

Kusefa sikufuna chida chogula. Zondotsani mpando, mangani nsalu yoyera yopyapyala ku miyendo yake, mutayamba mwaiviika m'madzi owira. Khuthulirani phala lija m'nsalumo, ndipo muzisiye usiku wonse. Ndikupempheni chinthu chimodzi, abale anga: musafinye. Manja adzakuyabwani mukaona kuti m'nsalumo mudakali madzi. Mukafinya, tizidutswa ta chipatso timadutsa, jeli n'kukhala wa mbuu. Kukoma akoma ndithu, koma kuwala kuja koti mukakweza botolo pa zenera dzuwa n'kumadutsamo, simukuonanso. Kwa ine kuwala kumeneko ndi theka la ntchito yonse.

[M'mawa. Madzi apinki m'jagi yoyezera.]

Yezani madziwo. Pa mamililita 600 alionse, ikani shuga woyera magalamu 450. Musachepetse kwambiri, chifukwa shugayo ndi amene amagwiranitsa jeli, ndiponso ndi amene amaletsa nkhungu. Takasani pa moto wochepa mpaka pansi pa poto pasamamvekenso mchenga. Mukafulumira kuwiritsa shuga asanasungunuke, adzaumanso m'botolo. Kenako kolezani moto, awire mwamphamvu kwa mphindi 10 mpaka 15. Taonani mtundu ukusintha, kuchoka pa pinki wotuwa kufika pofiira psuu.

Ngati muli ndi choyezera kutentha, mukufuna madigiri 105 Celsius. Ine ndimadalira kambale. Ikani timbale tiwiri mufiriji musanayambe. Phulani poto, dontheserani supuni imodzi pa kambale kozizira, dikirani mphindi imodzi, kenako kankhani ndi chala.

[Kamera yayandikira. Pamwamba pa dontho pachita makwinya.]

Mwaona makwinyawo? Wapsa. Chala chikangodutsa ngati m'madzi, bwezerani pa moto mphindi 2, muyesenso. Poyesa poto azikhala pansi, chifukwa jeli wopsereza amalimba ngati labala ndipo sabwereranso. Wosagwira ndiye amakonzeka: mumuwiritsanso mawa ndi madzi a ndimu imodzi.

Yengulani thovu ndi supuni. Mabotolo akhale otsukidwa, ndipo akhale mu uvuni wa madigiri 140 kwa mphindi 15. Zivindikiro ziwiritseni m'madzi. Thirani jeli akadali wotentha m'mabotolo otentha, chifukwa galasi lozizira limang'aluka. Dzazani pafupifupi mpaka pakamwa, tsekani pompo, lembani tsiku. Pamalo ozizira ndi amdima amakhala chaka. Mukatsegula, botolo lipite mufiriji, ndipo muzitapa ndi supuni youma.

[Buledi, masikono, ndi mbale ya nyama ya nkhumba yowotcha.]

Kuno amakonda kudyera nyama ya nkhumba yowotcha kapena tchizi, poti kuwawasako kumadula mafuta. Ana anga amangopaka pa buledi.

Zotsala m'nsalu muja musataye. Zikankheni pa sefa kuti njere ndi makoko zitsale, muyeze kulemera kwake, muikemo shuga wolemera pafupifupi chimodzimodzi, n'kutakasa pa moto wochepa mpaka mthiko uzisiya kanjira pansi pa poto. Zikazizira zimalimba moti mumachita kudula ndi mpeni.