Kodi Akhristu Amene Anapha Anzawo Chifukwa cha Chiphunzitso Tiwaweruze Bwanji?

Amayi ndi abambo nonse amene mwasonkhana pano, nkhani ya lero ndi yolemera, chifukwa ikukhudza zimene Akhristu anachitira anzawo m'dzina la chikhulupiriro.

Pa 27 Okutobala 1553, mumzinda wa Geneva, dokotala wa ku Spain dzina lake Michael Servetus anamangiriridwa pamtengo ndi kutenthedwa wamoyo pamodzi ndi buku lake, chifukwa chokana chiphunzitso cha Utatu Woyera ndi ubatizo wa makanda. Khonsolo ya mzindawo ndiyo inagamula mlandu, koma John Calvin, mtsogoleri wa mpingo wa Chiprotestanti mumzindawo, ndiye anasonkhanitsa umboni womutsutsa. Calvin anapempha kuti munthuyo adulidwe mutu m'malo motenthedwa, koma zoti aphedwe sanatsutse ayi. Tisaloze chala mpingo umodzi, pakuti Akatolika a mumzinda wa Vienne ku France anali atamugamula kale kuti ndi wampatuko.

Ambiri amati anthuwo tiwakhululukire chifukwa ndi mmene zinalili masiku amenewo. Mawu amenewa ali ndi choonadi chake. Atsogoleri a nthawiyo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti wophunzitsa zabodza ndi woopsa kuposa chigawenga, popeza chigawenga chimapha thupi lokha pamene iye amataya mizimu ya anthu kwamuyaya. Ankatsamiranso pa Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, amene kalekale anagwiritsa ntchito mawu a pa Luka 14:23, onena za kuumiriza anthu kulowa kuphwando, povomereza kuti boma likakamize gulu la Akhristu opatuka lotchedwa Adonatisti kubwerera mumpingo.

Komabe ine sindikhutira ndi yankho limeneli, ndipo chifukwa changa ndi munthu mmodzi, Sebastian Castellio. Iyeyu anali Mkhristu wophunzira wa m'nthawi yomweyo, amene poyamba ankagwira ntchito limodzi ndi Calvin, ndipo Servetus atangophedwa analemba kuti kupha munthu sikuteteza chiphunzitso, koma ndi kupha munthu basi. Ankawerenga Baibulo lomwelo, mmene muli fanizo la pa Mateyu 13, la mwini munda amene analetsa antchito ake kuzula namsongole nthawi yokolola isanafike, kuopera kuti angazulire pamodzi ndi tirigu. Ngati Castellio anatha kuona zimenezi mu 1554, ndiye kuti enawo sanali mumdima wa ndiweyani. Chenjezo analimva, koma sanalilabadire.

Onani kuti Castellio sanasiye chikhulupiriro chake kuti alolere mnzake. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, poganiza kuti kulolerana ndiko kuvomereza kuti ziphunzitso zonse ndi zofanana. Mkhristu angathe kunena mosabisa kuti mnzake wasokera pa chiphunzitso kapena pa khalidwe, angathe kutsutsana naye ndi kumulangiza, koma sangamugwirire lupanga, chifukwa chikhulupiriro chokakamiza chimabala anthu achinyengo okha. Mpingo wa Katolika unatsimikiza mfundo imeneyi mu 1965 pa Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, osasiya kunena kuti choonadi chilipo.

Mu 1903, otsatira a Calvin anaimika mwala wa chikumbutso ku Champel, pafupi ndi pamene Servetus anafera, ndipo analembapo kuti akutsutsa cholakwa chimene chinali cha nyengo imeneyo. Anachita bwino kuvomereza poyera, ngakhale kuti mlandu anaukankhira pa nyengo, pamene chigamulo chinaperekedwa ndi anthu odziwika mayina awo.