Chifukwa chake chimbale cha pa chinyamata sichichoka m'mutu

Moni kwa inu nonse amene mukuonera. Ndikupempheni kuti mukumbukire chimbale chimodzi chimene munachikonda kwambiri muli achinyamata, chija munkachimvera kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza. Tsopano ganizirani pamene nyimbo yachitatu ikuthera. Ambiri mwa inu, nyimbo yachinayi yayamba kale kulira m'mutu, ngakhale kuti papita zaka 20 musanachigwire chimbalecho. Lero tikufuna kufotokoza chimene chimachititsa zimenezi, ndiponso chifukwa chake anthu amene anakonda chimbale chimodzi akakumana amachikamba mpaka usiku ngati akukamba za m'bale wawo amene anapita kutali.

Tiyambire pa zipangizo, pakuti ndi zimene zinatiphunzitsa kamvedwe kameneka. Kampani ya Columbia Records inatulutsa chimbale chachikulu chotchedwa LP mu 1948, ndipo mbali iliyonse inkatenga nyimbo za mphindi zoposa 20 pang'ono. Malire amenewa anakakamiza oyimba ndi owajambula kuganizira mozama za ndondomeko ya nyimbo: yotsegulira mbali yoyamba, yotsekera, ndi yoti imukope womvera kuti atembenuze chimbale. Mu 1963 kampani ya Philips inabweretsa kaseti, ndipo mu 1979 Sony inatulutsa Walkman, kachipangizo kamene kanalola wachinyamata kumvera nyimbo zake payekha, popanda makolo kumuuza kuti achepetse phokoso.

Kaseti inali ndi vuto limodzi limene linasanduka mwayi. Kudumpha nyimbo inali ntchito. Munkathamangitsa tepi mongoyerekeza, n'kupitirira, n'kubwereranso, mabatire akutha, mwakuti ambiri ankangoisiya kaseti iyende yokha, kapena kuizunguza ndi cholembera pofuna kusunga mabatirewo. Motero nyimbo imene simunaikonde tsiku loyamba munkaimvabe kambirimbiri. Katswiri wa za maganizo Robert Zajonc anaonetsa mu 1968 kuti munthu amayamba kukonda chinthu chifukwa chongokumana nacho mobwerezabwereza. N'chifukwa chake okonda chimbale enieni kawirikawiri satchula nyimbo imene inatchuka pa wailesi mukawafunsa ya kumtima kwawo. Amatchula ina yobisika chakumapeto kwa mbali yachiwiri, ndipo amaitchula monyadira, ngati chizindikiro chakuti iwo anachimvadi chimbalecho pamene ena anangochidutsa.

Nanga nyimbo ija yolira m'mutu isanayambe? Ofufuza a ku yunivesite ya Georgetown ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo mu 2009, atajambula ubongo wa anthu amene ankamvera mathero a nyimbo za pa ma CD amene ankawadziwa bwino. Pa kanthawi kachete kotsatira nyimboyo, mbali za ubongo zimene zimakonzekera zochita motsatana zinkagwira ntchito, zomwe sizinkachitika chimodzimodzi pa nyimbo zachilendo. Tinganene kuti ubongo umasunga chimbale ngati njira imodzi yaitali, ndipo mathero a nyimbo iyi ndiwo khomo la inzake.

Komabe kubwereza pakokha sikukwanira kufotokoza zonse, pakuti munthu wa zaka 45 akhoza kumvera chimbale chatsopano tsiku ndi tsiku koma osachikonda ngati chija cha kale. Apa pakubwera nkhani ya msinkhu. Akatswiri ofufuza za chikumbumtima cha zochitika m'moyo anapeza kalekale kuti anthu achikulire akafunsidwa za moyo wawo, zambiri zimene amakumbukira zimachokera pakati pa zaka 10 ndi 30. Iyi ndi nthawi ya zinthu zoyamba: chikondi choyamba, kukanidwa koyamba, kuchoka pakhomo pa makolo, kusankha anzanu nokha. Mu 1989, Morris Holbrook ndi Robert Schindler anaimbira anthu a misinkhu yosiyanasiyana nyimbo zotchuka za zaka zosiyanasiyana, ndipo anapeza kuti anthu ankakonda kwambiri nyimbo zimene zinatchuka iwo ali ndi zaka pafupifupi 24. Ofufuza ena pambuyo pake anapeza msinkhu wocheperapo, koma onse akuloza ku chinyamata. Nyimbo zimakhudzanso thupi lenilenilo: mu 2011 Valorie Salimpoor ndi Robert Zatorre a ku yunivesite ya McGill ku Montreal anaonetsa kuti ubongo umatulutsa dopamine, chinthu chimene chimathandiza munthu kumva chisangalalo, pamene munthu akumva gawo la nyimbo limene limamuyendetsa tsembwe, ndiponso masekondi angapo gawolo lisanafike, pamene akungoliyembekezera. Wodziwa chimbale pamtima ndiye amalawa kwambiri kukoma kwa chiyembekezo chimenechi.

Pano ndinene maganizo anga, ngakhale ena mwa inu simugwirizana nawo. Okonda zimbale zakale akamati nyimbo za masiku ano n'zopanda kanthu, ine ndimaona kuti akuweruza mlandu umene iwo omwe ali mbali yake. Nyengo iliyonse inali ndi nyimbo zosalongosoka zambirimbiri, koma zinaiwalika, ndipo zimene zatsala n'zosankhika kale. Makolo awo ankanenanso zomwezo za nyimbo zimene iwo akuziteteza lero. Chosangalatsa n'chakuti mu 2013 Carol Krumhansl wa ku yunivesite ya Cornell ndi mnzake anapeza kuti ophunzira achinyamata ankakumbukira ndi kukonda nyimbo za pa chinyamata cha makolo awo, zimene ankazimva m'nyumba ali ana.

Chimene chasinthadi ndi kamvedwe. Kuyambira pamene iTunes Store, msika wa nyimbo wa pa intaneti, unatsegulidwa mu 2003 anthu anayamba kugula nyimbo imodziimodzi, ndipo Spotify, pulogalamu yomverera nyimbo pa intaneti imene inayamba mu 2008, inachititsa kuti kudumpha nyimbo kukhale kungokhudza foni ndi chala. Mu 2021 woyimba wa ku Britain, Adele, anapempha Spotify kuti batani loyambira chimbale lisamasokoneze ndondomeko ya nyimbo, ndipo kampaniyo inavomera.

Pali chinthu china chimene intaneti singabweze, ndipo okonda makaseti amachitchula pafupipafupi akamakumbutsana. Kaseti ya aliyense inali ndi chilema chakechake. Wina tepi yake inapindika pakati pa nyimbo yachiwiri moti mawu ankanjenjemera pamenepo, wina anakopera chimbale pa kaseti ya mphindi 60 ndipo nyimbo yomaliza inadukira panjira. Anthu oterewa akamamvera chimbale chomwecho lero, chitayeretsedwa bwinobwino, akafika pamalo paja khutu limadikira kunjenjemera kuja, ndipo woyimba akapitiriza bwinobwino osasokonekera, iwo amamva ngati walakwitsa.