Musanasaine kontilakiti ya nandolo, mverani kaye izi

Moni nonse pagulu pano, ndikulankhula ndili ku Luchenza. Ndati ndijambule mawu chifukwa nkhaniyi kulemba siingatheke. Achimwene a ku Muloza aja aponya pepala lomwe wogula wa ku India wawatumizira, ndiye pamtengo pangolembedwa kuti FOB, basi, dzina la malo palibe. Achimwene, musasaine. Ndikubwereza, musasaine kaye.

Zilembo zitatuzo, eee, ndiyambire apa. Amazitcha Incoterms, amazikonza ndi a International Chamber of Commerce ku Paris, zomwe zikugwira ntchito panopa ndi za 2020 ndipo zilipo 11. Zimanena amene alipire mayendedwe, komanso katundu akawonongeka panjira alire ndani, kuyambira pamalo pati.

FOB ndi ya katundu wokwera sitima yapamadzi. Udindo wanu umatha matumba akakwera m'sitimamo. Nanga ife doko tili nalo? Tilibe. Ndiye mukavomera FOB Beira, lole ikanyamuka kuno, Blantyre, Mwanza, Tete mpaka ku Beira, zonsezo nzanu. Ikagubuduzika panjira, kapena kontena ikakhalitsa padoko podikira sitima, mutu ndi wanu. Ngati ndalama zanu ndi zochepa, pemphani FCA, mulembe FCA Limbe kapena malo enieni omwe mwasungira katunduyo. Mukampatsa wonyamula amene wogula wasankha, mwamasuka. Koma mapepala a MRA otulutsira katundu ndi anube, amenewo sachoka.

Ndikudziwa wina afunsa za CIF. Iyo mumalipira sitima ndi inshuwalansi mpaka doko la kwawoko, koma chiwopsezo chimapita kwa wogula pomwe katundu wakwera sitima ku Beira. Mwamva? Wolipira ndi inu, koma zikavuta panyanja wokatsata inshuwalansi ndi iyeyo. Chabwino, imeneyo tiisiye.

Tsopano pomwe ndikufuna mumvetsetse, pa kuyeza katundu asananyamuke. Ife chaka china tinatumiza nandolo, wogula anati tidzamuona akafika. Atafika, uthenga unabwera woti chinyezi chachuluka, muli anankafumbwe, mtengo tadula. Tikanatsutsa ndi chiyani? Katundu ali kutsidya la nyanja, pepala tilibe, kumubweza kuno ndi ndalama zoposa phindu lonse. Alimi omwe tinawatenga nandolo pangongole ankabwera pakhomo m'mawa ulionse, ena ndi ana kumbuyo. Zinandiwawa, ndipo sindikufuna zigwere wina pagulu pano.

Ndiye mukontilakitimo mulembe, choyamba, ayi, ndiyambe ndi woyeza. Atchulidwe dzina. Alipo makampani ngati SGS, Bureau Veritas, Intertek, mugwirizane ndi wogula kuti ndi uti, ndipo amulipira ndani. Kenako malo: ayezere pomwe katundu akupakiridwa, inu mulipo, osati kwawoko. Kenako manambala. Mawu akuti nandolo wabwino sakwanira, wabwino kwa inu si wabwino kwa iye. Palembedwe chinyezi chisapitirire mwakuti pa 100, zinyalala mwakuti, wobooka mwakuti.

Ndiye mzere wofunika kuposa yonse: satifiketi ya woyezayo, yoperekedwa popakira, ndiyo yomaliza pa ubwino ndi kulemera kwa katundu. Yomaliza. Popanda mzere umenewo wogula akhoza kukayezanso kwawo nkupeza zake. Amayi a ku Bvumbwe, mwandimva pamenepo? Ndikuti ngakhale mwayezetsa, ngati simunalembe kuti kuyeza kwa kuno ndiko komaliza, mkangano udakalipo.

Woyeza akabwera amabaya matumba osiyanasiyana, osati okhawo apamwamba. Pemphani kuti sampulo aigawe, ina ya wogula, ina yake, ina yanu, zomata ndi zosainidwa. Yanuyo muisunge pouma mpaka ndalama zonse zitalowa. Kontena muiyang'ane musanaikemo kanthu, lowani, mutseke chitseko, mukaona kuwala kukulowa ndiye kuti madzinso alowa. Nambala ya siilo yotsekera kontena ilembedwe pa satifiketi, ifanane ndi ya pa mapepala ena onse.

Pali bambo wina kuno, dzina ndisatchule, tinamuuza zonsezi. Iye anapeta nandolo wa sampulo bwinobwino nkutumiza, koma m'matumba anaikamo wosapeta, ati sadziwa. Woyeza anakana kusaina, lole inagona panja masiku ikuwerengera ndalama, mpaka analemba amayi aganyu kupetanso matumba onse. Lero wogula uja safunanso kumva za iye, ndipo dzina loipa limatigwera tonse a dera lino.

Eya, ndimaiwala. Satifiketi yosonyeza kuti mbewu ilibe matenda ndi tizilombo, phytosanitary ija, ndi ya a zaulimi, si ya woyeza uja ayi, ndi mapepala awiri osiyana. Ya mankhwala ophera tizilombo ndi inanso. CD1, fomu ya kubanki yosonyeza ndalama zakunja zomwe katunduyo abweretse, mukuidziwa kale. Achimwene a ku Muloza, mufunseni wogulayo kuti FOB yakeyo ndi ya doko liti, akayankha muponye pompano tione limodzi.