Uthenga wa pa foni: kuikira amonke mpunga ku Luang Prabang

Eee, achemwali, ndipo ngati alamu ali pomwepo amvere nawo, chifukwa zina zikukhudza iwowo. Ndiyambe ndi sitima... ayi, sitima ndinena pambuyo. Ndiyambe ndi za m'mamawa zija munafunsa, za amonke.

Ku Luang Prabang, tauni ya m'dziko la Laos, tsiku lililonse kukamacha amonke achibuda amatuluka m'makachisi ali pamzere, opanda nsapato, atavala nsalu za mtundu wa lalanje, aliyense atakoleka paphewa mbale yake yokhala ndi chivindikiro. Anthu amakhala m'mphepete mwa msewu n'kumawaikira mpunga m'mbalemo. Eni ake amati tak bat. Amenewo ndi mapemphero, achemwali, si chionetsero cha alendo ayi. Chakudya cha amonke chimayambira pamenepo, ndipo dzuwa likafika paliwombo sadyanso mpaka mawa lake. Ndiye mukaika choipa m'mbalemo, mwamupatsa munthu choipa choti adye.

Nthawi yake: kuyambira Malichi mpaka Okutobala cha m'ma 5:30, Novembala mpaka Febuluwale cha m'ma 6. Mufike kusanache, mukhale kale pansi iwo asanatulukire.

Tsono mpunga. Mpunga wake si wamba, ndi womata uja, khao niao. Amaunyika m'madzi usiku wonse, m'mamawa n'kuuphika ndi nthunzi m'kadengu kansungwi, saubwatitsa m'madzi. Ndiye dzulo lake, mwamva, dzulo lake madzulo, muwauze a pamalo ogona alendo pomwe mwafikirapo kuti akukonzereni. Akupatsani m'kadengu kovindikira uli wotentha. Musadikire kugula kwa ogulitsa amene amathamangira alendo mumsewu mdima ulipo. Amakuikirani kampando, kukuvekani mpango, kukupatsani dengu m'manja musanavomere, mtengo n'kudzautchula zonse zitatha. Komanso mpunga wa ena mwa iwo ndi wogona, wouma, kuphatikizapo timabisiketi ta m'mapepala. Alipo alendo amene amauzidwa zimenezi koma amati aaa, tikaonera komweko. Mapeto ake mkangano wa ndalama pamsewu amonke akudutsa, manyazi okhaokha.

Zovala. Mapewa, chifuwa, mawondo, zonse zibisike. Azimayi akumeneko amavala siketi yaitali yotchedwa sinh, koma chitenje chanu chikwanira, bola chifike m'munsi. Alamu, buluku lalitali, kabudula ayi. Mpango umadutsa paphewa lamanzere n'kutsikira m'chiuno chakumanja. Nsapato muvule. Musambe m'manja, pajatu mpungawo mugwira ndi zala.

Kakhalidwe... apa ndiye mumvetsetse. Mutu wanu ukhale m'munsi mwa mutu wa mmonke. Mugwade pamkeka kapena mukhale pakampando kafupi, miyendo mutaipindira kumbuyo. Mapazi asaloze amonke. Kumeneko phazi ndi chinthu chonyozeka, mutu ndi wolemekezeka, n'chifukwa chake ngakhale mwana wa eni ake musamusisite pamutu, kaya akongole bwanji. Alamu mudzaona azibambo ena akumeneko akupereka ali chiimire. Asiyeni, ndi kwawo. Inu mlendo khalani pansi.

Ndiye kuika kwenikweniko, pamene ambiri zimawasokonekera. Mzere suima. Ndibwereze, suima. Mmonke amafika, amatsegula chivindikiro pang'ono, inu mwaika, wadutsa, wina wafika kale. Ndiye munthu akaona mmonke woyamba mtima umathamanga, amatapa dzanja lonse. Osatapa ngati mbamu ya nsima ayi. Tsinani ndi zala zitatu, kambulu kakang'ono basi. Amonke ndi ochuluka, kachisi uyu akadutsa pakubwera wina, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse kumakhala anyamata ang'onoang'ono ophunzira. Mukatapa kwambiri dengu limatha mzere woyamba usanathe, anawo n'kudutsa inu muli manja lende. Vuto lina, mpunga wotentha umamatirira zala, mukufuna kuugwetsera m'mbale sukuchoka, mukukutumula dzanja, mmonke wapita. Chochita chake n'chakuti mukangokhala pansi, amonke asanafike, muumbiretu timibulu tambiri n'kutisanja pachivindikiro cha dengu. Akafika mukungotola n'kuika, kutola n'kuika. Ndikuti muumbiretu, achemwali, osayamba kuumba mmonke ataima patsogolo panu.

Ndipo inuyo makamaka, poti ndinu mayi: musakhudze mmonke, ngakhale nsalu yake, ngakhale mwangozi. Lamulo lawo silimulola kukhudzana ndi mkazi. Mpunga mugwetsere m'mbale, dzanja lisagunde mbaleyo. Musamuyang'ane m'maso, musamupatse moni, ndipo musadabwe akapanda kuthokoza. Sathokoza. M'chikhulupiriro chawo wopindula ndi woperekayo.

Mpunga ukatha musadzuke n'kudula mzere. Vindikirani dengu, phatikizani manja pachifuwa, weramitsani mutu mpaka adutse onse. Mudzaona amonke ena akuchotsa chakudya m'mbale n'kuponya m'madengu oikidwa m'mbali mwa msewu kapena kupatsa ana. Sakutaya, chikupita kwa osowa.

Koma ndinene chilungamo. Ngati mtima wanu sukufuna kupereka, mwina chifukwa cha chipembedzo chanu, musapereke. Palibe wokukakamizani, ndipo kuonera mwaulemu kuli bwino kusiyana n'kupereka pofuna chithunzi. Imani tsidya lina la msewu, chete. Fulashi ya kamera muzimitse, foni isalire. Musaonere pakhonde la m'mwamba, amonke ali pansi panu. Kuli alendo ena, ee, amatsika m'minibasi n'kukaimika kamera pamphuno pa mmonke, ena kuyenda chambuyo kutsogolo kwa mzere akujambula. Zikwangwani zoletsa zili m'tauni monsemo, koma kumva ayi. Ambiri oterewa amadzaza mumsewu wa Sakkaline ndi wa Sisavangvong. Inu lowani timisewu tam'mbali, kumene agogo amakhala pakhomo pawo ndi kadengu kawo.

Zikatha, musabwerere kukagona. Msika wa m'mawa uli pafupi ndi nyumba yakale ya mfumu, mudzapeza nsomba za mumtsinje wa Mekong, masamba, supu wa khao soi. Kenako Wat Xieng Thong, kachisi amene anamangidwa cha m'ma 1560 nthawi ya mfumu Setthathirath, chakumapeto kwa tauni kumene mtsinje wa Nam Khan umathira mu Mekong. Nsapato pakhomo, chipewa m'manja. Phiri la Phousi masitepe ake amapitirira 300, ndiye musakwere masana dzuwa likuswa mtengo. Tauniyi ili m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse kuyambira 1995, ndipo imagona msanga, musayembekezere phokoso la usiku.

Eya, sitima ija. Njanji yochokera ku Vientiane, likulu la Laos, kupita kumalire a China inatsegulidwa mu Disembala 2021, ndipo kufika ku Luang Prabang ndi pafupifupi maola awiri. Matikiti amatha msanga, mugule masiku angapo ulendo usanafike, ndipo dzina pa tikiti lifanane ndi la m'pasipoti. Pasiteshoni katundu amadutsa m'makina. Kampeni, mafuta opopera a m'chitini, amalanda. Masiteshoni onse awiri ali kunja kwa tauni, muwerengere nthawi ya galimoto. Tuk-tuk mugwirizane mtengo musanakwere, ndipo mufunse ngati ndi wa munthu mmodzi kapena nonse awiri. Ndalama yawo ndi kip, ziro ndi ambiri, muwerenge kawiri. Pokambirana mtengo osakweza mawu, alamu. Munthu wokalipa kumeneko amangomusekerera n'kumusiya.

China... mowa. Beerlao wa m'botolo lotseka alibe vuto. Koma wa m'matoti waulere m'malo ogona achinyamata, musalawe. Mu Novembala 2024 alendo 6 anamwalira atamwa mowa wokhala ndi poizoni wa methanol m'tauni ya Vang Vieng, ku Laos komweko.

Ndinaiwala, mukaitanidwa ku mwambo wofunirana mafuno abwino wotchedwa baci adzakumangani ulusi woyera pamkono. Ukhale masiku osachepera atatu, ndipo pochotsa mumasule, osadula ndi lumo. Za Vientiane, That Luang ndi Patuxai, nditumiza uthenga wina, uwu watalika.