Mawu a m'mawa: tsamba lomwe sitinaliwerenge

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Lero tiwerenge Masalimo 139:16, pamene Davide akuuza Mulungu kuti masiku ake onse analembedwa kale m'buku Lake lisanafike ngakhale limodzi.

Kale ku Britain masewero a pa TV ankawaonetsa layivi, kunalibe zoti imani kaye tibwereze, ukaphonya mawu ndiye kuti dziko lonse laona basi. Pa 30 November 1958, wailesi ya kanema ya ITV inkaonetsa sewero lotchedwa Underground mu pulogalamu ya Armchair Theatre, nkhani ya anthu amene anatsekeredwa munjira za sitima zapansi pa nthaka ku London bomba litaphulika. Sewero lili mkati, m'modzi mwa ochita seweroli, Gareth Jones, anadandaula kuti sakupeza bwino akudikira kuti alowenso, kenako anagwa n'kumwalira ndi matenda a mtima. Chozizwitsa n'chakuti munthu amene iye ankamusewerayo amayenera kudwala mtima musewero lomwelo.

Nde taganizani, anthu mmakomo akuonera osadziwa kanthu, nthawi ya ma advert ndi timphindi tochepa, dayilekita Ted Kotcheff ali pikitipikiti kugawira ochita sewero otsalawo mawu amene Jones amayenera kuyankhula, Verity Lambert yemwe anali wothandizira chabe n'kutenga ntchito yolondolera makamera. Sewero linafikadi kumapeto koma silinathe momwe anayeserera muja.

Ine pomwe pamandigwira ndi pa kuthamangathamanga kwa dayilekitayu, zinamugwera mwadzidzidzi munthu, sakanachitira mwina. Mulungu wathu sadzidzimuka choncho. Ntchito ikatha usakuyembekezera, banja likagwedezeka, adokotala akakuuza zomwe sumafuna kumva, kumwamba palibe amene akupanika kufunafuna tsamba lotsatira. Sindikunena kuti sizipweteka ayi, zimapweteka zedi ndipo kulira sitchimo, Yesu yemwe analira pamanda a Lazaro akudziwa bwinobwino kuti amuukitsa. Kungoti tsamba lomwe ifeyo sitinaliwerenge Iye analiona kalekale, ndiye tisamadzuke ngati tsiku lonseli lili pamapewa pathu tokha.

Tipemphere. Atate, za lero sitikuzidziwa, mukuzidziwa ndinu. Amene adzuka ndi uthenga woipa muwagwire dzanja, amene akupita kukasaka ganyu muwatsogolere, odwala ndi owadikirira muzipatala muwapatse mphamvu. M'dzina la Yesu, Amen.

Mutandale bwino nonse.